Phokoso la amisiri okonza fulati ya pamwamba panga: ndiyambire pati?

Wogwira ntchito usiku analemba kuti:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene anakumanapo ndi vuto ngati langali, chifukwa ndafika poti ndikapanda kudzigwira ndiyankhula mawu amene ndidzanong'oneza nawo bondo.

Ndimakhala pa lendi m'nyumba yosanja ya mafulati ambiri, ndipo yanga ili pansanjika yachiwiri. Fulati ya pamwamba panga inagulidwa ndi banja lina miyezi ingapo yapitayo. Eni akewo sanasamukiremo, koma atumiza amisiri kuti aikonze yonse, ndipo lero ndi tsiku la 12 chiyambire ntchitoyo. Palibe amene anagogoda pachitseko panga kudzandichenjeza, ndipo ngakhale kapepala pakhoma la pamasitepe sikanamatidwe. Ndinangodzidzimuka Lolemba lina m'mawa bedi likunjenjemera, makapu akugundana m'kabati, moti kwa kanthawi ndinkayesa chivomezi.

Chimene chikukulitsa vuto langa n'chakuti ndimagwira ntchito usiku. Ndimaweruka 6 koloko m'mawa, ndimafika kunyumba cha m'ma 7, ndipo nthawi imene ndikuika mutu papilo ndi nthawi yomweyo imene iwo akulumikiza makina awo kumagetsi. Kukula kwa phokosolo ndikanatha kukupirira, koma chondisautsa n'chakuti silidziwika poyambira ndi pothera: amaboola kwa mphindi zisanu, kenako kumakhala zii kwa mphindi makumi awiri, ndipo tulo tikangoyamba kundiba, amayambiranso. Loweruka lapitali anagwira mpaka mdima, ndipo Lamlungu kunabwera mnyamata mmodzi amene anaswera kugogoda ndi nyundo.

Ndinakwerako kamodzi. Ndinapeza anyamata atatu atatuwa mbuu ndi fumbi, ndipo anandiyankha mwaulemu ndithu kuti iwo angotumidwa, sangasinthe kanthu. Alandilodi anga akuti nkhaniyi si yawo chifukwa fulati ikukonzedwayo si yawo. Ndaonanso kamng'alu pasiling'i ya kubafa, ngakhale sindingalumbire kuti sikanalipo kale.

Kodi ndili ndi ufulu wopempha kuti asinthe nthawi yogwirira ntchito, kapena ndingopirira mpaka adzamalize? Nanga woyenera kuyamba kuyankhula naye ndani? Ndithokoza kwambiri aliyense amene angandiunikire. Ndine mayi wokhala ndekha, ndipo sindikufuna kuyamba udani ndi anthu amene ndidzakhala ndikukumana nawo pamasitepe kwa zaka zambiri.

Kapitawo wopuma pantchito anayankha kuti:

Mayi, pepani ndi zimene mukukumana nazo. Ine ndayang'anira ntchito zoterezi kwa zaka zambiri, choncho ndikuyankhani ngati munthu wochokera kumbali ya opanga phokosowo.

Choyamba mudziwe chifukwa chake kutseka mawindo sikungakuthandizeni. Phokoso limayenda m'njira ziwiri. Lina limadzera mumpweya, monga mawu a wailesi kapena a anthu akucheza, ndipo limeneli chitseko cholimba ndi makatani ochindikala amalichepetsa. Lina limadzera m'thupi la nyumba lenilenilo. Makina ogumulira akamamenya pansi pa fulati ya pamwamba panu, kunjenjemerako kumalowa mu konkire ndi m'zitsulo za m'kati mwake, n'kumayenda m'mizati ndi m'makoma osatha mphamvu msanga. Mumpweya mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, pamene mu konkire amapitirira mamita 3,000 pa sekondi. Siling'i yanu ndi pansi pawo ndi chinthu chimodzi, ndiye akamamenya kumwambako, siling'iyo imachita ngati chikopa cha ng'oma ndipo inu mwagona m'kati mwa ng'omayo. N'chifukwa chakenso anthu a pansanjika zakutali amatha kukangana ndi munthu wosalakwa, poganiza kuti phokoso likuchokera khomo loyandikana nalo pamene likuchokera nsanjika ziwiri kumwamba.

Chachiwiri, ntchito yokonza fulati si yaphokoso yonse. Mbali zowawa kwenikweni ndi zitatu: kugumula matailosi akale ndi makoma, kugoba ngalande m'makoma zodutsitsamo mapaipi ndi mawaya a magetsi, ndiponso kudula matailosi atsopano ndi gilayinda. Zotsalazo, monga kupaka pulasitala, kusalaza, kupenta ndi kumanga makabati, zimamveka koma munthu wotopa amagona nazo. Kugumula ndi kugoba, ngati kapitawo wakonza bwino dongosolo, ndi ntchito ya masiku owerengeka m'fulati wamba. Zimene mwafotokoza zakuti amaboola mphindi zisanu n'kupuma makumi awiri zikundiuza kuti munthu yemweyo amene akugumula ndi amenenso akutsitsa zigumukirezo pamasitepe, kapena akugwira popanda wowayang'anira. Zimenezi n'zotheka kuzikonza popanda mwini fulati kutaya tsiku ngakhale limodzi.

Musawapemphe kuti asiye phokoso, chifukwa pempho limenelo palibe mmisiri amene angalikwanitse ndipo adzangokuvomerani pakamwa. Apempheni kuti aliunjike pamodzi. Mwachitsanzo, m'mawa wonse azituta zigumukire, aziyeza, azikweza mchenga ndi simenti, azipaka pulasitala m'zipinda zimene zatha kugobedwa, ndipo makina onse omenya ayambe 1 koloko masana mpaka nthawi yoweruka. Ine ndinachitapo zimenezi kangapo, kamodzi chifukwa cha khanda ndipo kena chifukwa cha agogo odwala, ndipo ntchito inatha pa tsiku lomwe tinapangana. Woyenera kumuuza ndi kapitawo kapena kontirakitala pamodzi ndi mwini fulati. Anyamata munawapezawo ananena zoona, alibe mphamvu.

Pali zida zina zimene mungazitchule pokambirana. Mabowo akuluakulu a mapaipi angathe kubooledwa ndi makina a mano a dayamondi amene amadula mozungulira ndi madzi, osamenya, ndipo kunjenjemera kwake n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi makina omenya. Matailosi ambiri amadulika ndi chodulira chapamanja cholemba mzere n'kuthyola, ndipo gilayinda imafunika pa ngodya ndi pa malo opindika pokha. Kudula ndi madzi kumachepetsanso fumbi, limene kwa ine ndi loopsa kuposa phokoso, chifukwa fumbi la konkire ndi matailosi lili ndi silika amene amawononga mapapo a munthu wolipuma kwa nthawi yaitali. Anyamata otuwa mbuu munawaonawo ndikuwamvera chisoni.

Panopa, pamene mukudikira kukambirana, afunseni tsiku lililonse chipinda chimene akugwiramo ndipo inu mugone chipinda chotalikirana nacho, ngakhale kutakhala pabalaza. Bedi lichotseni kukhoma ndipo muike zidutswa za labala pansi pa miyendo yake. Zotsekera m'makutu za siponji zimathandiza zikaikidwa bwino: muzipotokola ndi zala mpaka zitawonda, mukokere khutu m'mwamba ndi dzanja linalo, mulowetse, kenako mugwire kwa masekondi pafupifupi 30 kuti zifufume. Papaketi amalemba kuti zimachotsa madesibelo (muyeso wa kukula kwa phokoso) pafupifupi 30, koma anthu ambiri amapeza zocheperapo chifukwa choika mothamanga. Mahedifoni oletsa phokoso amachita bwino ndi kulira kosalekeza ngati kwa injini ya ndege, koma kugogoda kwadzidzidzi kumawapitirira, choncho musawadalire kwambiri. Fani yoyaka m'chipinda imathandizako pang'ono, chifukwa kulira kwake kumaphimba kusiyana kwa bata ndi phokoso kumene kumakudzutsani.

Mlembi wa komiti ya eni mafulati anayankha kuti:

Mayi, zimene anena bambo kapitawo n'zanzeru, ine ndingowonjezera za malamulo, ndipo ndiyambe ndi mbali imene simuikonda. Malamulo a phokoso pafupifupi kulikonse analembedwa poganizira munthu wogona usiku. Amene amagona masana amamuteteza pang'ono chabe.

Taonani zitsanzo izi. Mumzinda wa New York ntchito yomanga imaloledwa kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo kunja kwa nthawi imeneyi makontirakitala amafunika chilolezo chapadera. Ku Britain makhonsolo ali ndi mphamvu yoika nthawi za ntchito yaphokoso pansi pa lamulo la Control of Pollution Act la 1974, ndipo ambiri amaika 8 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo m'kati mwa sabata, 8 koloko mpaka 1 koloko masana Loweruka, osagwira Lamlungu. Ku Germany nthawi ya bata la usiku ndi kuyambira 10 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa, ndipo Lamlungu ndi masiku a tchuthi amawasunga mwamphamvu. Amene ndimawasirira ndi a ku Singapore, kumene bungwe la nyumba za boma la HDB limasiyanitsa ntchito wamba ndi ntchito yaphokoso kwambiri: kugumula makoma, kuchotsa matailosi ndi kuboola kwamphamvu kumaloledwa kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo m'kati mwa sabata mokha, ndipo chidziwitso cha ntchitoyo chimayenera kumatidwa pakhomo la fulati. M'malo onsewa, amisiri amene akuboola 10 koloko m'mawa Lachiwiri sanalakwire lamulo, ngakhale inu mutakhala kuti simunagone usiku wonse.

Ndiye nkhani yanu muigawe pawiri. Za Loweruka mpaka mdima ndi za Lamlungu zija n'zimene mwina zikuswa lamulo, ndipo pamenepo mungathe kuimapo molimba. Za m'mawa wa m'kati mwa sabata n'zopempha, ndipo mawu anu azimveka kuti mukupempha. Ndaona anthu ambiri akusakaniza ziwirizi, n'kuopseza mnzawo ndi khonsolo pa chinthu chimene khonsolo singachitepo kanthu, ndipo akatero amataya ngakhale chifundo chimene akanachipeza.

Malamulo okukhudzani ali m'malo atatu, ndipo muwawerenge onse musanalembe kalata: pangano lanu la lendi, malamulo a nyumba yonse amene amasungidwa ndi komiti ya eni mafulati kapena kampani yoyang'anira nyumbayo, ndi malamulo a khonsolo ya dera lanu. Kawirikawiri a nyumba ndi amene amakhala okhwima kuposa a khonsolo, ndipo ambiri amafuna kuti mwini fulati apemphe chilolezo asanayambe ntchito, adziwitse anzake masiku angapo ntchito isanayambe, ndiponso asadzaze masitepe ndi chikepe ndi zigumukire.

Yankho la alandilodi anu sindikugwirizana nalo. Iwo ndi mwini fulati imene mukukhalamo, ndi amene ali ndi mawu pamsonkhano wa eni mafulati, ndipo mng'alu mwautchulawo uli pa katundu wawo. Alembereni, musangowaimbira foni. M'mayiko ena, monga ku Germany pansi pa gawo 536 la buku lawo la malamulo lotchedwa BGB, lendi imatha kutsika ngati nyumba ili ndi vuto lolepheretsa munthu kukhalamo bwino. Koma chonde musadule lendi mwa inu nokha musanafunse wodziwa malamulo a kumene mukukhala, chifukwa m'malo ambiri wolakwa mudzasanduka inuyo.

Kuyambira lero sungani kabuku. Mulembemo tsiku, nthawi imene phokoso layamba ndi imene latha, mtundu wake, ndi chipinda chimene munali. Jambulani mawu ndi foni kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, wotchi ikuoneka. Pali mapulogalamu a pafoni oyezera madesibelo, ndipo ngakhale sangafanane ndi chipangizo cha akatswiri, amapereka chithunzi. Kuti mukhale ndi poyerekezera, malangizo a 1999 a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati m'chipinda chogona phokoso lopitirira lisaposere madesibelo 30, ndipo lobwera mwa apo ndi apo lisaposere 45, pamene kucheza wamba kumakhala pafupifupi 60. Dziwaninso kuti muyeso umenewu suwerengedwa ngati mamita: kukwera ndi madesibelo 10 kumatanthauza mphamvu yochuluka kakhumi, ndipo khutu limamva ngati phokoso lawirikiza kawiri. Komiti yathu ikalandira dandaulo lakuti "amasokosa tsiku lililonse" imasowa pogwira, koma ikalandira kabuku ka masiku 10 kolembedwa nthawi zake, kalata yochenjeza imatuluka sabata yomweyo.

Amene anakonzetsapo fulati anayankha kuti:

Achemwali, ndikupempha kuti musanapite kukomiti mupeze kaye mwini fulatiyo maso ndi maso. Alembi anena zoona pa za kabuku, koma pa kalata yochenjeza ndikusiyana nawo pang'ono, chifukwa ine ndinakhalapo mbali inayo ndipo ndikudziwa mmene kalata yotero imapwetekera munthu amene sankadziwa kanthu.

Pamene ndinkakonzetsa fulati yanga ndinkakhala kwina, ndipo ndinkapitako madzulo okha kukaona pamene ntchito yafika. Amisiri ndinapangana nawo malipiro a ntchito yonse, osati a tsiku, choncho iwo ankafuna kumaliza msanga kuti apite kwina. Sindinkadziwa kuti amayamba kusanache bwino, ndiponso kuti Lamlungu amabwera ndi kiyi amene ndinawapatsa. Ndinazidziwa tsiku limene agogo ena a pansi panga anandidikirira pamasitepe atanyamula kalendala, imene anazunguliza ndi cholembera chofiira masiku onse amene sanathe kupuma masana. Sanakweze mawu. Anangondionetsa kalendalayo n'kundifunsa kuti, "Mwanangu, tsiku lomaliza ndi liti, kuti ndilizungulizenso?" Ndinachita manyazi kwambiri, chifukwa tsikulo ngakhale ine sindinkalidziwa.

Mawa lake ndinakhala pansi ndi kontirakitala, tinalemba masiku a ntchito yaphokoso, tinamata pepala pakhomo lolowera ndi nambala yanga ya foni, ndipo kiyi wa Lamlungu ndinamulanda. Agogowo anapita kwa mwana wawo masiku atatu amene tinkagumula bafa. Mpaka lero timapatsana moni bwino, ndipo chaka chatha pamene paipi yawo inaphulika usiku, anagogoda kwa ine. Paja amati mnzako akapsa ndevu m'zimire.

Nambala ya mwini fulati mungaipeze kwa kapitawo, kwa mlonda kapena kwa oyang'anira nyumba. Mukamayankhula naye, muuzeni za ntchito yanu ya usiku poyamba penipeni, chifukwa n'kutheka kuti akuganiza kuti masana nyumba yonse imakhala yopanda anthu. Akakana kumva, pamenepo pitani kukomiti, ndipo palibe amene angakunenezeni kuti munalumpha khomo.

Injiniya wa zomangamanga anayankha kuti:

Mayi, ine ndikudera nkhawa kamng'alu kaja kuposa tulo, ndipo musadikire zokambirana kuti muchitepo kanthu. Lero lomwe kajambuleni mutaika rula pambali pake, ndipo mulembe kamzere ndi pensulo kumapeto ake onse awiri pamodzi ndi tsiku. Mukapitanso pakatha masiku atatu mudzaona nokha ngati kadutsa mizereyo. Jambulaninso makoma ndi siling'i za zipinda zonse, ngakhale zimene zilibe vuto, chifukwa mkangano wa "zinalipo kale" umathetsedwa ndi zithunzi zokha.

Ming'alu yopyapyala ngati tsitsi pa pulasitala imachitika kawirikawiri pakakhala kunjenjemera, ndipo nthawi zambiri imangofuna kumata ndi kupenta. Zoyenera kuitanira katswiri mwamsanga ndi izi: mng'alu ukamakula kapena kufika mamilimita 5, ukamayenda mopendekera kuchokera pa ngodya ya chitseko kapena windo, zitseko zikayamba kuvuta kutseka, kapena pasiling'i pakaoneka banga lachinyezi. Popeza uli kubafa, banga limeneli muliyang'anire kwambiri, chifukwa pochotsa matailosi akale amisiri amatha kung'amba chotchinga madzi cha pansi pake, ndipo kudontha kumadzayamba eni ake atasamukira kale.

Funso limodzi mulifunse mosazungulira: kodi pali khoma limene akugwetsa, ndipo injiniya analiona? M'nyumba yosanja makoma ena amangogawa zipinda, koma ena amanyamula nsanjika za pamwamba, ndipo kuwasiyanitsa ndi maso okha n'kovuta. Ku England ndi ku Wales lamulo la Party Wall la 1996 limakakamiza munthu kudziwitsa mnzake miyezi iwiri asanayambe ntchito yaikulu pa khoma kapena pansi pamene akugawana. Ngakhale kumene lamulo lotere kulibe, funsoli muli nalo ufulu, chifukwa mumagona pansi pake.

Wogwira ntchito usiku analembanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse, ndipo pepani kuti ndachedwa kubwerera kudzanena mmene zayendera.

Nambala ndinaipeza kwa mlonda, ndipo ndinakumana ndi mayi mwini fulatiyo Lachinayi madzulo ndisanapite kuntchito. Monga ananenera achimwene amene anakonzetsapo, za Lamlungu sankazidziwa n'komwe, ndipo anaimbira kontirakitala ine ndili pomwepo. Pa za m'mawa sitinagwirizane zonse. Ine ndinapempha 1 koloko masana, kontirakitala anati wamagetsi amapezeka m'mawa wokha, ndipo tinathera pakuti makina omenya aziyamba 12 koloko, kupatula masiku awiri a sabata yamawa amene adzagobe makoma a kukhitchini kuyambira 9 koloko. Masiku awiriwo ndapempha kuntchito kuti ndisinthane ndi mnzanga. Zonsezi tinazilemba pa uthenga wa pafoni kuti pasadzakhale woiwala, ndipo pepala tsopano lamatidwa pamasitepe, moti bambo wa fulati yoyandikana nayo, amene ndinkaganiza kuti phokosolo silikuwakhudza, anandiimitsa kudzandithokoza.

Khoma akugwetsa lilipo, la pakati pa khitchini ndi pabalaza. Mayiwo akuti kontirakitala anawatsimikizira kuti silinyamula kanthu, koma pepala la injiniya palibe. Ndalembera alandilodi ndi oyang'anira nyumba, ndaikamo zithunzi, ndipo ulendo uno alandilodi anayankha tsiku lomwelo kuti abwera Loweruka kudzaona okha. Khomalo lauzidwa kuti lidikire kaye.

Kamng'alu kaja sikanadutse mizere ya pensulo, koma ndikuona ngati pambali pake pakuda pang'ono, ndipo sindikudziwa ngati ndi chinyezi kapena ndi maso anga otopa. Bambo injiniya, kodi pali njira yodziwira ndekha Loweruka lisanafike, kapena ndingojambula tsiku lililonse n'kudikira? Dzulo ndinagona maola anayi ndi theka osadzuka, kwa nthawi yoyamba m'masabata atatu, ndipo chimene chinandidzutsa ndi makina aja, 12 koloko itangodutsa ndi mphindi zisanu.